Ndani Wagwira Cingwe Copimira?

Loweruka lina masana malaiti atapita, tinali anthu asanu mu barbershop ina ku Chawama. Makina ometera anazima mutu wa mnyamata wina uli pakati, mbali imodzi yosalala, inayo ikali thengo, conco panalibe woganiza zocoka. Mmodzi wa ife anatulutsa foni n'kuyamba kutiwerengera mafunso a mpikisano aja amene anthu amatumizirana pa WhatsApp. Awiri oyamba anapita bwino. Lacitatu ndilo linautsa phokoso: mwa ma bay ndi ma gulf onse a pa dziko lapansi, yaikulu koposa ndi iti?

"Ni Bay of Bengal, yalembewa apa," anatero mwini foni.

"Boza iwe. Gulf of Mexico ndiye ikulu maningi."

"Nanga Gulf of Guinea? Muibala vathu va mu Africa."

Wa mutu wa theka uja naye sanafune kutsalira. Anati pa mapu a m'kalasi mwawo Hudson Bay inali kuoneka yaikulu kuposa zonsezi, ndipo anaiona ndi maso ake. Aliyense anapeza tsamba pa intaneti lomuikira kumbuyo. Mau anakwera mpaka amai ogulitsa vitumbuwa panja anasuzumira kuona ngati kwabuka ndeu. Cosangalatsa n'cakuti mwa asanufe panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo nyanja ya mcere. Wopita kutali koposa anafika ku Siavonga pa ulendo wa sukulu.

Wometa, munthu wacikulire amene tonse timangomuchula kuti ba mudala, anali cete nthawi yonseyi akupukuta lumo. Kenaka anafunsa: "Imwe bana, bamene banapima manzi yaja, banayambira pati, banasilizira pati?"

Tinaseka, koma palibe anayankha. Funso limenelo ndakhala nalo kucokera tsiku lija, ndipo ndaona kuti silikhudza madzi okha.

Tiyambe ndi mau. Cinenero cathu ndi ca anthu a kunyanja, koma cili ndi liu limodzi cabe la Kariba ndi la Indian Ocean: zonse ndi nyanja. Bay kapena gulf ndi malo amene nyanja yalowa m'kati mwa mtunda, mtunda n'kuizinga m'mbali, kusiya pakamwa potseguka, monga thumba la buluku. Aphunzitsi a Geography anatiuza kuti gulf ndi yaikulu ndiponso yozingidwa kwambiri kuposa bay. Koma Bay of Bengal ndi yaikulu kuposa Gulf of Mexico, ndipo Ndole Bay ya pa nyanja ya Tanganyika, kumtunda kwa Mpulungu, imene maso amaimaliza uli ciimire pagombe, nayonso ndi bay. Maina awa anapatsidwa ndi amalinyero osiyana, m'zaka zosiyana, popanda kukhalirana pansi.

Tsopano manambala. Kuti amveke, tiyeni tipime ndi dziko lathu. Zambia ili ndi masikweya kilomita pafupifupi 752,000. Bay of Bengal, pakati pa India, Bangladesh, Myanmar ndi Sri Lanka, mabuku ambiri amaipatsa pafupifupi 2.17 miliyoni: Zambia angalowemo pafupifupi katatu. Gulf of Mexico ili pa 1.5 miliyoni ndi kanthu, ma Zambia awiri. Persian Gulf ndi pafupifupi 250,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a Zambia. Mpaka apa mwini foni akuoneka kuti wapambana.

Koma funso la ba mudala layamba kuluma. Dziko lili ndi malire amene ungaimikepo mpanda. Bay ili ndi gombe mbali zitatu, koma mbali yacinai ndi madzi okumana ndi madzi. Palibe cizindikiro pamenepo, palibe geti, ndipo nsomba zimangodutsa. Kuti upeze nambala, uyenera kuyamba wakoka cingwe pakamwa, kucokera pa nsonga iyi ya mtunda kufika pa iyo, ndipo wina ayenera kusankha nsongazo.

Onani Gulf of Guinea. Bungwe la International Hydrographic Organization, m'buku lake la malire a nyanja la 1953, linakoka mzere kucokera ku Cape Palmas mu Liberia kufika ku Cape Lopez mu Gabon. Ukatsatira mzere umenewo, madzi otsala m'kati safika ngakhale theka la Bay of Bengal. Ena amakankhira mzere kum'mwera, n'kupeza 2.35 miliyoni, ndipo pamenepo Guinea yaposa Bengal. Hudson Bay ya ku Canada nayo ili ndi manambala awiri. Ukaiwerenga yokha ndi pafupifupi 820,000, kuposa Zambia pang'ono cabe. Ukaphatikizapo madzi oyandikana nayo monga Foxe Basin ndi Hudson Strait, imafika 1.23 miliyoni. Anyamata a mu barbershop sanali kunama. Aliyense anali ndi cingwe cake, cokokedwa ndi munthu amene sanamuonepo.

Mnzathu wa mutu wa theka nayenso anaona zoona, kungoti cimene anaona cinali pepala. Mapu amene ali m'makalasi ambiri amatsatira njira imene Gerardus Mercator anapanga mu 1569 pofuna kuthandiza oyendetsa zombo kusunga njira yoongoka. Dziko ndi lozungulira, pepala ndi lafulati, ndipo simungayale khoko la lalanje pa tebulo popanda kuling'amba kapena kulikoka. Mercator anasankha kukoka. Ciliconse cotalikira ku equator cimafufuma. N'cifukwa cake Hudson Bay, imene ili kumpoto kwenikweni, imaoneka ngati cilombo, ndipo Greenland amaoneka ngati wolingana ndi Africa pamene Africa ndi yaikulu kuwirikiza pafupifupi ka 14. Greenland weniweni ndi wofanana kukula ndi Bay of Bengal. Mercator sanali wabodza: mapu ake anagwira bwino nchito imene anawapangira. Colakwa cinabwera pamene cida ca amalinyero cinapacikidwa pa khoma la kalasi, ana n'kumaphunzirapo kukula kwa kwawo.

Palinso njira ina yopimira. M'malo mwa madzi, ena amapima utali wa gombe, ndipo pamenepo Hudson Bay ndiyo imachulidwa kuti ndi yoyamba. Koma gombe nalo lili ndi msampha. Katswiri wa masamu wa ku England, Lewis Fry Richardson, anadabwa kupeza kuti Spain inali kulemba kuti malire ake ndi Portugal ndi makilomita 987, pamene Portugal inali kulemba 1,214. Malire amodzimodzi. Cinsinsi cinali mu ndodo yopimira. Ndodo yaitali imalumpha tomakhota ting'onoting'ono, yaifupi imalowa m'kakhota kalikonse n'kukawerenga. Ukafupikitsa ndodo, utali umakula. Woyang'ana ali patali amapeza zocepa, woyandikira amapeza zambiri, ndipo onse awiri angalumbire kuti anapima bwino.

Mwina mukuti izi ndi nkhani za opanda cocita. Koma anthu anafapo cifukwa ca cingwe cimeneci. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja linasainidwa mu December 1982 ku Montego Bay, mu Jamaica, ndipo Zambia, ngakhale ilibe gombe, inali pakati pa maiko oyambirira kulivomereza mu 1983. Panganoli limafotokoza cimene bay ili pamaso pa lamulo. Koka mzere pakamwa. Jambula theka la bwalo lozungulira limene m'mimba mwake ndi mzerewo. Ngati madzi a m'kati ndi ofanana kapena oposa theka la bwalolo, imeneyo ndi bay. Ngati pakamwa sipapitirira mamailosi a panyanja 24, amene ndi makilomita 44 ndi kanthu, dziko lingatseke pakamwapo, madziwo n'kukhala ake ngati bwalo la pakhomo pake. Lamuloli limakhudza ma bay amene gombe lake lonse ndi la dziko limodzi. Conco Bay of Bengal, imene mafunso a pa WhatsApp amati ndi mfumu ya ma bay, pamaso pa lamuloli si bay n'komwe.

Mu 1973 Muammar Gaddafi anakoka mzere wake pakamwa pa Gulf of Sidra, makilomita oposa 400, nanena kuti madzi onse a m'kati ndi a Libya. America anakana, natumiza zombo zankhondo kuti zidutse pamenepo. Mu August 1981 ndeke ziwiri za Libya zinagwetsedwa pamwamba pa madziwo, ndipo mu March 1986 zombo za Libya zinamizidwa, amalinyero n'kufa. Anafera mzere umene sungaoneke ndi maso ngakhale utaima pamwamba pake.

Dzina nalo ndi cingwe. Iran amati Persian Gulf, maiko a Aluya a tsidya linalo amati Arabian Gulf, ndipo mkanganowo watha zaka zambiri. Pa 20 January 2025 Donald Trump anasaina lamulo lakuti boma lake lizichula Gulf of Mexico kuti Gulf of America. Google Maps inayamba kuonetsa dzina latsopano kwa anthu a ku America, lakale kwa a ku Mexico, ndi onse awiri kwa ife otsala. Atolankhani a Associated Press, atakana kusiya dzina lakale, analetsedwa kulowa mu ofesi ya pulezidenti. Kuno ku Africa, mbali ina ya Gulf of Guinea inali kuchedwa Bight of Biafra. Nkhondo ya Biafra itatha mu 1970, boma la Nigeria linasintha dzinalo mu 1975 kukhala Bight of Bonny, kuti liu la ogonja lisakhalenso pa mapu. Zambia, pansi pa a Kaunda, inali imodzi mwa maiko anai a mu Africa amene anazindikira Biafra mu 1968. Madzi sanasinthe pa zonsezi. Cinasintha ndi mwini colembera.

Apa ndipo pali funso lenileni. Tikati cinthu ndi cacikulu, tikufuna kunena ciani? Nthawi zambiri sitikamba za masikweya kilomita. Tikufuna kunena kuti ndi cofunika, coyenera ulemu. Koma kukula ndi kufunika ndi zinthu ziwiri zimene zimayendera limodzi mwa apo ndi apo cabe.

Persian Gulf ndiyo yaing'ono pa zonse zimene tapima kukula kwake, ndipo ndi yosazama, sifika mamita 100 pafupifupi paliponse. Khomo lake, Strait of Hormuz, pamalo opapatiza silikwana makilomita 40, kufupi kuposa ulendo wa Lusaka kupita ku Kafue. Koma m'zaka zaposacedwapa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta amene dziko lonse limagwiritsa nchito lakhala likudutsa pamenepo. Kukacita cipolowe kumeneko, mtengo wa dizilo umakwera, kondakitala wa basi ya ku Matero amakweza mtengo, ndipo tomato wa pa kantemba amatsatira. Hudson Bay, imene ndi yaikulu kuwirikiza katatu kapena kasanu malinga ndi cingwe cimene wasankha, imakhala youma ndi madzi oundana pafupifupi theka la caka, ndipo tauni ya doko lake lodziwika, Churchill, ili ndi anthu osakwana 1,000. Ndi iti yaikulu m'thumba mwanu?

Ife a dziko lopanda gombe tiyenera kudziwa bwino zimenezi, cifukwa moyo wathu wapacikidwa pa timadoko ta eni. Walvis Bay ya ku Namibia pa mapu a dziko lonse sioneka n'komwe, koma mathiraki a mkuwa ocokera ku Copperbelt amadutsa pa mlatho wa Katima Mulilo kuthamangira kumeneko. South Africa inadziwa mtengo wa kamalo aka: Namibia inalandira ufulu mu 1990, koma Walvis Bay inabwezedwa mu 1994. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu ku Rhodesia mu 1965, njira zathu za kum'mwera zinakhala m'manja mwa mdani. Paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 inamalizidwa mu 1968, ndipo njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 inafika ku Kapiri Mposhi mu 1975, zonse pofuna kugwira doko limodzi la Dar es Salaam. Makolo athu sanafunse kuti nyanja yaikulu ndi iti. Anafunsa kuti ndi iti imene itatilola kupuma.

Ndipo kukula kuli ndi mtengo wake. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Kumpoto kwa Bay of Bengal madzi ndi osazama ndipo gombe limapanikizana ngati fanelo yothirira palafini. Namondwe akabwera, amakankha madzi onsewo kulowa pakona, pamene mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra imathirira m'nyanja, pa dziko lotsika lodzaza anthu. Bangladesh ndi yocepa kasanu poyerekeza ndi Zambia, koma ili ndi anthu pafupifupi 170 miliyoni. Mu November 1970 namondwe wa Bhola anapha anthu osacepera 300,000. Mu April 1991 wina anapha pafupifupi 138,000. Msodzi wa kumeneko ukamuuza kuti akhala m'mbali mwa bay yaikulu koposa pa dziko lapansi, wamuuza zoona zimene sizimuthandiza kanthu.

Tsopano ndibwere kunyumba, cifukwa sindinayambe kulemba izi cifukwa cokonda madzi. Mlongo wanga wamkulu, pamene analemba mayeso a Grade 7, anaperewera malikisi anai kuti afike pa cut-off point. Anai. M'zaka zimenezo mzerewo unali wosiyana cigawo ndi cigawo, ndipo kwina malikisi omwewo akanamulowetsa mu Grade 8. Mzerewo unali kukokedwa malinga ndi malo amene analipo m'masukulu. Kunena mosabisa, unali kupima madesiki. Koma palibe anatiuza conco. Kunyumba kwathu, kwa aneba, ngakhale m'mutu mwake, nkhani inali imodzi: mwana uyu ndi wofooka m'mutu. Kwa zaka zambiri, ndikamupatsa fomu yoti alembe, anali kuibweza n'kunena kuti, "Lemba ndiwe, ndiwe wophunzira." Anatenga cingwe copimira madesiki n'kucikulunga pa moyo wake wonse, ndipo ife tinamuthandiza kumanga mfundo.

Ndikhulupirira kuti aliyense wowerenga izi ali ndi mzere wake. Mapointi a Grade 12. Ciwerengero ca okutsatira pa TikTok. Ngati ukhala kumayadi kapena kukomboni, ndipo ngati ndi kukomboni, komboni iti, cifukwa ngakhale pakati pathu timayalana pa mndandanda. Ukulu wa foni, ukulu wa kitchen party, uculuka wa mamotoka pa maliro. Ciliconse mwa izi cimapima kanthu kenakake koona. Mapointi amapima mmene unayankhira mafunso ena m'masiku ena a mwezi wa November. Okutsatira amapima amene anadina batani. Koma timacita monga tinacitira mu barbershop: timamva nambala, osafunsa kumene cingwe cinayambira, n'kuyamba kukangana za woyamba ndi womaliza.

Pano wina angandiime kutsogolo, ndipo ali ndi mfundo. Anganene kuti: iwe wolemba, nkhani yako ndi yotonthoza olephera. Ngati cingwe ciliconse ndi maganizo a munthu, ndiye kuti palibe cacikulu, palibe cacing'ono, ndipo aliyense ndi wopambana m'njira yake. Zimenezo ndi zokoma kumva koma sizidyetsa.

Ndivomera, ndipo ndionjezapo. Wosauka ndiye amafuna muyeso woona kuposa wina aliyense. Pitani ku Soweto Market mukagule meda ya nyemba, mupeze kuti pansi pa meda anaponyapo nkhonya kuti pakwere m'kati. Pamenepo simudzanena kuti muyeso ndi maganizo cabe. Mudzafuna meda yeniyeni. Amai akapita ndi mwana ku sikelo, a nasi amakulunga kalamba pa mkono wa mwanayo, ndipo kakaonetsa kufiira, kutsika pa masentimita 11.5, mwanayo amalandira thandizo la mwamsanga. Mzere umenewo unakokedwa ndi anthu, monga wa Cape Palmas, koma wapulumutsa ana osawerengeka. Ndipo ku Bangladesh, cimene cinacepetsa maliro si kuiwala manambala. Anayamba kupima mphepo ndi kukwera kwa madzi, kuwerenga anthu mudzi ndi mudzi, kumanga nyumba zothawirako zokwezeka, ndi kuphunzitsa anthu odzipereka oyenda ndi zimkuzamau kucenjeza anzawo. Namondwe wa Amphan atabwera mu May 2020, anthu oposa 2 miliyoni anasamutsidwa, ndipo akufa m'dzikolo sanafike 100. Bay sinacepe ngakhale ndi sentimita imodzi.

Ndivomeranso cina cowawa. Ukulu uli ndi mphamvu, ndipo kunama pa zimenezi n'kupusitsana. Pulezidenti wa America angadzuke m'mawa n'kusintha dzina la nyanja, makampani n'kumutsatira. Wa Zambia sangathe. Kusowa gombe kumatidyera ndalama pa thumba lililonse la feteleza. Mlongo wanga, kaya mzere unali wolungama kaya ai, anataya zaka za sukulu zimene sizinabwerere. Kucepa si ciyero, ndipo umphawi si ulemu wobisika.

Conco cingwe sitingacitaye. Cimene tingacite ndi kusiyanitsa muyeso woona ndi wacinyengo, ndipo nkhani ya ma bay yatipatsa kale njira. Muyeso woona umanena poyera pamene wayambira ndi pamene wathera, monga buku lija la 1953 limachula Cape Palmas ndi Cape Lopez kuti aliyense akatsutse ngati afuna. Umakhala umodzimodzi kwa onse, monga lamulo la mamailosi 24 limene silisintha kaya dziko ndi Libya kaya ndi America. Ndipo umakhala m'nchito yake: kalamba ka ku sikelo kamanena za njala ya mwana, sikanena ngati mwanayo adzakhala munthu wabwino. Muyeso umasanduka wacinyengo ukabisa malire ake, ukasintha malinga ndi nkhope ya wopimidwa, kapena ukatuluka m'nchito yake n'kuyamba kuweruza zimene sunapime. Cacitatu ici ndico cofala koposa, ndipo sicifuna munthu woipa. Cimangofuna anthu aulesi pofunsa.

Ndipo tisathamangire kudziona ngati opimidwa okha. Tsiku lililonse nafenso timagwira cingwe. Mnyamata akabwera kudzafunsira mlongo wathu, funso loyamba limakhala lakuti agwira kuti. Mnzathu wa ku sukulu tikakumana naye akukankha wilibala ku City Market, maso athu amamaliza kumupima asanatsegule pakamwa. Timagwiritsa nchito ndodo yaitali ija ya Richardson, yolumpha makhota onse: kuti akulera ana a malemu mkulu wake, kuti sanabepo, kuti ndiye amayamba kufika pa maliro alionse a mu komboni ndi fosholo. Zimenezi zimaoneka ndi ndodo yaifupi cabe, ndipo ndodo yaifupi imafuna kuti uyandikire ndi kutaya nthawi. Ambiri a ife timadandaula kuti dziko limatipima mothamanga, pamene ifenso sitipatsa mnzathu mphindi zisanu.

Pali cinthu cimodzi cimene sindinapeze cingwe cake, ndipo ndikhulupirira kuti cilibe. Ungayale ma bay pa mndandanda malinga ndi madzi, gombe, kuya, mafuta kapena nsomba, ndipo mndandanda uliwonse udzakhala ndi woyamba wake. Ungayalenso anthu malinga ndi malikisi, ndalama kapena liwiro, ndipo nthawi zina n'koyenera kutero, cifukwa timafuna dokotala amene anakhozadi mayeso ake. Koma funso lakuti ndani ayenera kupatsidwa moni, kumvedwa akalankhula, kuthandizidwa akagwa, ndi kuliridwa akafa, silikhala pa mndandanda uliwonse. Tsiku limene tidzalola mapointi kapena adiresi kuyankha funso limenelo, tidzakhala tapacika mapu a Mercator pa khoma lolakwika kaciwiri.

Mlongo wanga lero ndi telala. Tepi yopimira imakhala m'khosi mwake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo masamu a nsalu amawacita m'mutu mofulumira kuposa ine ndi foni. Tsiku lina ndinamuona akupima mtsikana wina wa diresi la ukwati. Mtsikanayo atamva nambala ya m'ciuno anagwetsa nkhope n'kuyamba kupepesa, ngati walakwira munthu. Mlongo wanga analemba nambalayo m'kabuku kake osakweza mutu, nati: "Iyi ni ya ine, mama, kuti nizibe pojuba nsalu. Imwe siikukhuzani." Mafomu a ku banki masiku ano amalemba yekha.

Malaiti tsiku lija anabwera ca m'ma 17 koloko. Ba mudala anayatsa makina n'kumaliza mutu wa mnzathu, ndipo mwini foni anadina yankho. Mpikisano unati Bay of Bengal, n'kumupatsa mapointi khumi. Wa Gulf of Guinea anati aona, intaneti nayo ndi ya azungu. Ine ndinalipira, n'kutuluka kukakwera basi, ndipo kondakitala anandiuza kuti mtengo wakwera.